Usiku umene ndinasamutsira kompyuta ya achemwali m'thupi lina

Mphenzi imene inagwa ku Balaka usiku wina mu Disembala 2023 sinaphe munthu, ndipo sinatenthe nyumba. Inangotsata waya n'kukapeza kompyuta ya achemwali anga ili yozimitsa bwinobwino, koma chingwe chake chili chilumikizire kukhoma. Kutacha foni yanga inalira ndisanasukusule n'komwe.

"Achimwene, chinthu chanu chija sichikuyaka."

Kompyuta imeneyi ikamagwira ntchito imakhala yawo. Ikangodwala imasanduka yanga. Ndinawauza kuti anunkhize kumbuyo kwake, pamene pamalowa chingwe cha magetsi. Ndinamva akusuntha mpando, kenako anati, "Kukununkha ngati ayironi yoiwalika pa malaya." Pamenepo ndinadziwa kuti ulendo wandipeza.

Chimene chinali m'bokosimo

Achemwali ali ndi kasitolo kosindikiza. Makadi a ukwati, mapulogalamu a maliro, masitika a pa njinga za kabaza, malemba omata pa malaya a makwaya. Chimene chimawadyetsa kwenikweni ndi makina odula malemba a pulasitiki, ndipo makinawo amamvera pulogalamu imodzi yokha yomwe inali m'kompyuta yopsayo. Amene anawagulitsa makinawo ndi amenenso anaiikamo. Iyeyo anapita ku Joni kalekale, nambala yake siipezeka, ndipo CD yake inasowa pa nthawi imene ankasamuka.

N'chifukwa chake kompyutayo inali ikadali pa Windows 7, ngakhale a Microsoft anasiya kuisamalira pa 14 Januwale 2020. Sinkalowa pa intaneti, choncho sindinkada nkhawa kwambiri. Munali zilembo zamitundumitundu zimene achemwali anatolera kwa zaka, mafelemu a makadi amene amangosintha maina ndi tsiku, komanso kachunidwe ka mpeni wa makina aja, kamene anakapeza ataononga pulasitiki wambiri. Zoterezi sungazikopere pa fulashi ngati zithunzi za pa ukwati. Zimakhala zitamwazikana m'makona onse a Windows.

Ndiye ine ndinkapanga imeji. Anthu akumudzi akafuna kusuntha nkhokwe, nthawi zina saphwasula denga. Amabwera amuna angapo, kulinyamula lathunthu, udzu ndi nsungwi zomwe, kukalikhazika pena. Imeji ndi yotero. Imajambula disiki yonse, Windows, mapulogalamu, ngakhale kachidutswa kobisika koyambitsira makina, n'kuziika pamalo amodzi. Ndinkagwiritsa ntchito Clonezilla, pulogalamu yaulere imene anaipanga ku Taiwan. Umaiyatsira pa fulashi, maonekedwe ake ndi osakopa ngakhale pang'ono, malemba okhaokha, koma ntchito imaigwira. Ndikapita ku Balaka ndinkapanga imeji yatsopano pa disiki yakunja, achemwali n'kukaisunga kunyumba ataikulunga m'chitenje. Yomaliza ndinaipanga kumayambiriro a Novembala.

Ndiulule pomwe pano. Imejiyi ndinaibwezeretsapo kamodzi kokha, disiki itayamba kulira, ndipo ndinaibwezeretsa m'kompyuta yomweyo. Zinayenda ngati mafuta, ine n'kumayenda chifuwa chili patsogolo. Sindinaganizepo zoti denga lija limakhala bwino pokhapokha khoma latsopanolo likhale lofanana ndi lakale.

Ku Limbe

Kwacha inali itangotsitsidwa ndi 44 peresenti mwezi wapitawo, ndiye za kompyuta yatsopano sitinazikambe n'komwe. Ndinapita ku Limbe kukafuna ya kaunjika, zija zimachokera m'maofesi a ku UK. Zinthu ziwiri ndinali nditazikonzekera. Choyamba, ndinkafuna ya Intel ya m'badwo wachisanu ndi chimodzi kapena kutsika, chifukwa yoposera pamenepo Windows 7 sinapangidwire. Chachiwiri, disiki yake isachepere yakale ija, yomwe inali ya 320 GB.

Mnyamata wogulitsa anandinyengerera kwambiri kuti nditenge ya SSD, disiki yamakono yothamanga, ya 256 GB. "Bwana, iyi ndi ndege." Sankanama, koma Clonezilla savomera mosavuta kuthira imeji m'disiki yaing'ono kuposa imene inachokera, ngakhale mkati mwa imejiyo mukhale mopanda zambiri. Njira zozembera zilipo, koma ine nthawi inali itandithera. Ndinatenga ya 500 GB, ndinagulanso kiyibodi ndi mausi zatsopano za USB kuti achemwali aone kuti mlongo wawo ndi munthu woganiza.

Lachinayi masana ndinakwera minibasi ku Wenela, bokosi lili pamiyendo. Kondakitala anafuna kuti lilipire mpando wake. Tinakangana mpaka ku Lunzu.

Nditafika ndinayamba ndayesa disiki yakale ija m'makina atsopano, mwina inapulumuka. Zii. Sinazungulire n'komwe. Tsopano chiyembekezo chonse chinali m'chitenje chija.

Nyali zinayi

Kuthira imeji sikunavute. Ndinayatsa Clonezilla, kusankha imeji, kusankha disiki, kuvomera kawiri kuti zonse za m'disikimo zifufutike, basi n'kukhala pansi kumaonerera manambala akukwera. Ola lisanathe inati yamaliza. Panja panali mayi wina wa kwaya amene ankadikira malemba a malaya awo a pa Khirisimasi, ndipo achemwali anamuuza monyadira kuti, "Injiniya wafika, mawa m'mawa mudzatenga."

Ndinazula fulashi, kuyatsa. Makina anati sakuona choyambira.

Ichi sichinandiopse. Kompyuta yakale inkadzuka mwa njira yakale ya BIOS, ndipo disiki yake inagawidwa mwa MBR. Yatsopanoyi inali itachunidwa kuti izidzuka mwa UEFI, imene imafuna disiki yogawidwa mwa GPT. Ndinalowa m'machunidwe ake, kuzimitsa Secure Boot, kusankha Legacy, kutanthauza njira yakale ija, kuyatsanso.

Aliyense amene anagwiritsapo ntchito Windows 7 amazidziwa nyali zinayi zija, zimene zimavina mumdima zisanakumane n'kupanga chizindikiro. Zinatulukadi. Achemwali anaomba m'manja kamodzi. Nyalizo zisanakumane, sikirini inachita phethi mtundu wa buluu, makina n'kuzima, n'kuyambiranso okha. Nyali zinayi, buluu, kuzima. Nyali zinayi, buluu, kuzima.

Malembawo ankatha ndisanawerenge ngakhale liwu limodzi. Ndinatulutsa foni, kujambula vidiyo, kenako n'kumaiimitsa pang'onopang'ono mpaka ndinapeza pamene buluuyo anaonekera. Pansi pake panalembedwa 0x0000007B.

"Chikuti chiyani?" anafunsa achemwali.

"Chikuti sichikuiona disiki."

"Si ndi yomweyo mwaithira zinthuyi?"

"Eya."

"Ndiye sichikuiona bwanji, pomwe chayambira momwemo?"

Funso limeneli linali lanzeru kuposa mmene iwo ankaganizira, ndipo ndinalephera kuliyankha nthawi yomweyo. Ndinangoti andipatse kanthawi. Thukuta linali kamukamu, ndipo sindinganamizire kutentha kwa ku Balaka kokha.

Kiyi wotsekeredwa m'nyumba

Yankho lake ndi ili. Kompyuta ikamayaka, bodi, chimbale chachikulu cha m'kati chimene zipangizo zonse zimalumikizidwako, ndi imene imayamba kuwerengera Windows tizidutswa toyambirira. Pakapita timasekondi, Windows imati zikomo, ndipatseni ndiziwerenga ndekha. Kuti itero imafunika dalaivala, osati wa minibasi, koma kapulogalamu kodziwa kulankhula ndi chipangizo chimene disiki yalumikizidwako. Dalaivala ameneyu ayenera kudzutsidwa koyambirira kwenikweni, china chilichonse chisanadzuke. Akapanda kudzuka, Windows imakhala ngati munthu amene wakhoma chitseko kiyi ali m'kati.

Bodi yakale inkalankhula ndi disiki mwa njira yotchedwa IDE. Pa bodi yatsopanoyi IDE kunalibeko, kunali AHCI ndi RAID basi. Windows ya achemwali, kuyambira tsiku limene inaikidwa, inali isanamvepo chilankhulo china. Chopweteka n'chakuti dalaivala wa AHCI, dzina lake msahci, amakhala ali m'kati mwa Windows 7 iliyonse. Anali momwemo m'imeji yanga. Kungoti analembedwa kuti asamadzuke poyamba, popeza sankafunika.

Ndikanakhala kuti ndinaganizapo makina akale akadali moyo, inali ntchito ya mphindi ziwiri: kusintha nambala imodzi, kenako n'kupanga imeji. Tsopano ndinafunika kusintha nambalayo m'Windows imene sikuyaka.

Ndili m'kati moganiza, magetsi anazima.

Tinakhala pakhonde la sitolo. Mwana wa achemwali anabweretsa nsima ya usipa kuchokera kunyumba, tinadyera pa katoni ya mapepala, udzudzu ukutiimbira. Achemwali sanandidzudzule. Anangofotokoza za mayi wa kwaya uja, kuti ndi kasitomala wa zaka zambiri, ndiponso za banja lina limene linkafuna mapulogalamu a ukwati wa Loweruka. Bola akanandikalipira. Ndi iwowa amene anandilipirira fizi ya ku sekondale pogulitsa mandasi ndi zovala za kaunjika, ndipo usiku umenewo ndinkaona ngati ndikubweza ngongole ndi ndalama yachinyengo.

Magetsi anayaka cha m'ma 10 koloko.

Kuchoka pa 3 kufika pa 0

M'thumba mwanga simusowa fulashi yoikira Windows 10. Sindinkafuna kuika Windows 10 ayi, ndinkangofuna khomo lolowera. Ukayatsira makina pa fulashi imeneyi n'kudina Shift ndi F10 pamodzi, pamatseguka kawindo kakuda kolembamo malamulo. Ndinalemba regedit, lamulo lotsegula Registry.

Registry ndi kaundula amene Windows imalembamo zonse zokhudza iyo mwini. Amene anatseguka pamenepo anali wa fulashiyo, osati wa achemwali. Ndinafunika kukatenga wawo pa disiki, fayilo yotchedwa SYSTEM imene imakhala mu foda ya config, m'kati mwa System32, n'kuikoloweka pambali kwa kanthawi. Ndinaipatsa dzina loti balaka kuti ndisaisokoneze ndi inayo. Kenako kutsika: ControlSet001, services, msahci. Kumanja kunali mzere wolembedwa Start, ndipo patsogolo pake panali 3.

Ndinaiyang'anitsitsa 3 ameneyo kwa kanthawi. Sitolo yonse, makina odula, zilembo za zaka zonse zija, ukwati wa Loweruka, zonse zinaima pa kanambala kamodzi kameneka. 3 amatanthauza kuti dzuka ukaitanidwa. 0 amatanthauza kuti dzuka pamodzi ndi makina. Ndinafufuta, kulemba 0, kumasula fayilo ija bwinobwino kuti zimene ndasinthazo zisungike. Ndinabwereranso m'machunidwe a bodi ndipo ndinapeza kuti inali pa RAID. Ndinaisuntha kupita pa AHCI.

Achemwali anali ataimirira kumbuyo kwanga, manja atapinda pachifuwa. Mwana uja anali atagona pa mabenchi a makasitomala.

Nyali zinayi zinatuluka. Zinavina. Ndinasiya kupuma. Zinakumana.

Patapita kanthawi panabwera chithunzi chimene achemwali anaika zaka zapitazo, cha malemu mayi athu atakhala pamphasa akusenda chimanga, ndi kabokosi kofunsa mawu achinsinsi. Zilembo zinali zikuluzikulu, chithunzicho chitatambasuka m'mbali chifukwa dalaivala wa sikirini kunalibe, koma anali mayi athu ndithu. Achemwali anangoti, "Ambuye," motsitsa mawu.

Ndinayamba kulemba mawu achinsinsi aja. Palibe chinalembeka. Ndinagwedeza mausi. Kamuvi kanangoti duu pakati pa sikirini.

Pulagi ya pepo

Apa ndinaseka ndekha, kuseka kwa munthu wotopa. Windows 7 inatuluka mu 2009 isakudziwa USB 3.0, ndipo pa makina a m'badwo umenewu mabowo onse a USB amadutsa m'chipangizo chatsopanocho. Kiyibodi yanga yonyadira ija inkagwira ntchito m'machunidwe a bodi ndi pa fulashi ya Windows 10, koma ikangofika m'Windows 7 inkasanduka thabwa.

Kumbuyo kwa makinawo kunali timabowo tiwiri tozungulira, kena kapepo kena kobiriwira. Amatitcha PS/2. Kapepo n'ka kiyibodi, kobiriwira n'ka mausi, ndipo sitidalira USB.

"Achemwali, kiyibodi yakale ija ili kuti?"

"Si munaiponya nokha m'katoni ya zinyalala masana, mukuti yatha ntchito?"

Ndinaitulutsa pansi pa zidutswa za pulasitiki ndi makoko a mango. Zilembo A, E ndi N zinali zitafufutika ndi zala za achemwali, ndipo pulagi yake inali ya pepo. Mphenzi inaisiya. Ndinazimitsa makina kaye, chifukwa PS/2 imafuna kulumikizidwa makina asanayake, ndipo nditayatsanso mawu achinsinsi analowa.

Zotsalazo zinali zotopetsa chabe. Dalaivala wa USB ndinamutsitsa pa laputopu yanga ndi bando ya pa foni. Kumulowetsa kunafunika kuzungulira, popeza mabowo a USB ndi amene anali akufa: ndinayatsiranso pa fulashi ija, kumukopera pa disiki kudzera m'kawindo kakuda kaja, kubwerera m'Windows 7, n'kumuika pogwiritsa ntchito Tab ndi Enter zokha. Mausi inadzuka. Kenako wa sikirini, ndipo mayi athu anabwerera msinkhu wawo weniweni. Malo otsala a disiki, amene imeji sinawafike, ndinawaphatikiza pomaliza.

Pulogalamu ya makina odula ili ndi kiyi wake, kachipangizo kooneka ngati fulashi, kamene kakapanda kulumikizidwa pulogalamuyo sitseguka. Kameneka kanapulumuka chifukwa achemwali amakazula madzulo aliwonse n'kukaika m'chikwama, poopa akuba. Tinakalumikiza, pulogalamu inatseguka, zonse zili m'malo mwake. Tinatumiza malemba ku makina. Makina anangokhala chete. Chingwe chawo chimadzionetsa kwa Windows ngati khomo la COM lokhala ndi nambala, ndipo pa bodi yatsopanoyi chinali chitapatsidwa nambala ina, pomwe pulogalamu inkagogodabe pa yakale. Nditazigwirizanitsa, mpeni unatsika pa pulasitiki woyera n'kuyamba kulira kaphokoso kake kaja, tswii, tswii. Nthawi inali itadutsa 1 koloko ya usiku.

Zimene sizinabwerere

Masabata asanu. Chilichonse chimene anapanga kuchokera tsiku la imeji yomaliza chinapita ndi disiki yopsa ija. Zambiri tinazitola pa WhatsApp, chifukwa makasitomala amatumiza maina ndi zithunzi pamenepo, ndipo achemwali amawatumizira chitsanzo asanasindikize. Koma ndandanda wa angongole wa mu Excel, umene ine ndinawakakamiza kuti ayambe, unabwerera mmene unalili mu Novembala.

Nditawauza mwamantha, anatsegula kabati n'kutulutsa kope la ana asukulu, lachikuto chong'ambika. Aliyense anali momwemo, ndi tsiku lake, ndi ndalama zake. Zaka zonsezi ankalemba kawiri osandiuza.

"Ili siliopa mphenzi," anatero, n'kulibwezera.

Panalinso nkhani ya laisensi. Windows imene imabwera ndi makina kuchokera ku fakitale imamangiriridwa ku bodi yake, ndiye itadzuka m'thupi lachilendo inayamba kufunsa kuti itsimikizidwenso. Imeneyo tinaikonza tsiku lina, sinaletse malaya a kwaya kutuluka m'mawa.

Ndikanachita mosiyana

Anzanga a ntchito imeneyi nditawafotokozera, ena anati ndinadzivutitsa ndekha. Mapulogalamu ogula ali ndi chida chochitira zomwezi mosavuta. Macrium Reflect ili ndi ReDeploy, Acronis ili ndi Universal Restore. Ukatha kuthira imeji, chidacho chimayang'ana bodi yatsopano n'kudzutsa madalaivala oyenera chokha. N'zoona, ndipo amene angathe kulipira ndi khadi la ndalama zakunja agule, sadzanong'oneza bondo. Koma nazonso zimafuna kuti dalaivalayo ukhale naye pafupi ngati Windows ilibe, ndipo sizikanandipezera kiyibodi m'katoni ya zinyalala.

Ena anati vuto ndi Windows 7. Pamenepo ndikuvomereza theka. Windows 10 ndi 11 zimapirira kusamutsidwa. Kawirikawiri zimadzuka, kunena kuti zikukonza zipangizo, n'kupitiriza. Koma nkhani ya RAID ndi AHCI ikadalipo, ndipo pabweranso ina: disiki ikakhala yokhomedwa ndi BitLocker, pa bodi yachilendo imafuna kiyi wa manambala 48, amene anthu ambiri sadziwa n'komwe kuti ali naye. Popeza Windows 10 nayo inasiya kusamalidwa pa 14 Okutobala 2025, maofesi ambiri akusintha makina, ndipo mafoni ofunsa zoterezi andichulukira.

Amene ali ndi mapulogalamu oti angathe kuwaikanso, ndimamuuza kuti aike Windows yatsopano n'kukopera mafayilo ake basi. Kusamutsa imeji kumabwera ndi zinyalala zonse za makina akale. Ndi njira ya anthu ngati achemwali, amene chuma chawo chili m'pulogalamu yoti ikatayika yatayika.

Chimene chinasintha kwa ine ndi chakuti imeji sindiikhulupiriranso ndisanaione ikudzuka pa makina ena. Ndinagula disiki yapadera yoyeserera. Ndikapanga imeji ku Balaka ndimabwera nayo kopi ku Blantyre, kuithira m'kompyuta ina yosiyana nayo, n'kudikira mpaka nditaona mayi athu pamphasa paja. Pa disiki ya m'chitenje ija ndinaikaponso foda ya madalaivala, ndi kapepala kolemba pamanja konena za Legacy, AHCI ndi nambala ya COM, kuti tsiku lina ndikadzakhala kutali wina adzapeze poyambira. Mafayilo a tsiku ndi tsiku mwana uja amawakopera pa fulashi Lachisanu lililonse, akakumbukira.

Kiyibodi ya pepo ija achemwali anakana kuichotsa. Yatsopano ili m'kabati, ikadali m'pepala lake. Akuti zala zawo zinazolowera yakaleyo, ndipo zilembo zofufutikazo sazifuna chifukwa amadziwa pamene zili.

Sabata yatha kunja kutachita mdima wa mvula, foni inalira ndili pa mzere wa ku banki.

"Achimwene, kuno kwayamba kugunda. Ndazula kukhoma."

"Ndi chingwe cha makina odula chomwe?"

"Zonse. Mayunitsi akutha."

Anadula.